Makwerero a Mabwalo a Milandu: Apilo Imayenda Bwanji M'dziko Lathu?



Kawirikawiri timamva pa wailesi kuti uje sanakhutire ndi chigamulo ndipo wachita apilo. Mawuwa tinawazolowera, koma munthu atatifunsa kuti apiloyo yapita kubwalo liti, imaperekedwa pasanathe masiku angati, nanga majaji amakaona chiyani, ambirife tingasowe choyankha. Kusadziwa kumeneku kumapweteketsa. Munthu akhoza kugwira ukaidi, kapena kutaya munda umene makolo ake anamusiyira, pa chigamulo chimene chikanakonzedwa, chifukwa choti masiku a apilo anamuthera akudandaula pakhomo.

Woweruza milandu ndi munthu, ndipo akhoza kuphonya. N'chifukwa chake dziko linaika makwerero oti cholakwa cha bwalo laling'ono chikakonzedwe ndi bwalo lapamwamba. Koma makwererowa ali ndi dongosolo, malire ndi nthawi yake, ndipo amathandiza yekhayo amene akudziwa kakweredwe kake. Phunziro la ulendo uno lili pamenepa.

Maziko ake

Malamulo Aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, anagawa mphamvu za boma patatu. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo, Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa boma, ndipo mabwalo a milandu amatanthauzira malamulo ndi kuweruza. Gawo 103 likunena kuti mabwalo azigwira ntchito moima paokha, popanda munthu kapena ofesi yowalamula momwe aweruzire. Gawo 42 likupatsa aliyense woimbidwa mlandu ufulu wopita kubwalo lapamwamba kuti likaunikenso nkhani yake. Choncho munthu akachita apilo sakupempha chifundo, ndiponso sakuchita mwano kwa woweruza. Akugwiritsa ntchito ufulu wolembedwa.

Jaji Wamkulu amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma ayenera kuvomerezedwa ndi aphungu awiri mwa atatu aliwonse amene alipo ndipo akuvota. Majaji ena onse Pulezidenti amawasankha potsatira maina amene bungwe la Judicial Service Commission lamupatsa. Mayi woyamba kukhala Jaji Wamkulu anali a Anastasia Msosa mu 2013. Atapuma, udindowu unapita kwa a Andrew Nyirenda mu 2015, kenako kwa a Rizine Mzikamanda mu 2022.

Makwerero atatu

Pansi penipeni pali mabwalo a majisitireti, amene amapezeka m'maboma onse. Milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku, monga kuba, kuvulaza munthu, ngongole zing'onozing'ono ndi kuphwanya malamulo a pamsewu, imayambira kumeneku. Mamajisitireti ali m'magiredi osiyanasiyana, ndipo giredi iliyonse ili ndi malire a chilango chimene ingapereke. Milandu ya kupha munthu ndi ya kuukira boma saloledwa kuizenga. Pamlingo womwewu palinso bwalo loona za mikangano ya pantchito, la Industrial Relations Court, ndi mabwalo oona milandu ya ana.

Pakati pali Bwalo Lalikulu, limene ambiri timalitchula kuti High Court. Likulu lake lili ku Blantyre, ndipo lili ndi nthambi ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba. Ntchito zake ndi zitatu. Choyamba, limazenga lokha milandu ikuluikulu, ndipo gawo 108 likulipatsa mphamvu yomva mlandu wa mtundu uliwonse. Chachiwiri, limamva apilo yochokera kwa majisitireti. Chachitatu, limaunika ngati lamulo kapena zimene boma lachita zikugwirizana ndi Malamulo Aakulu. Chitsanzo cha ntchito yachitatuyi chikukhudza sukulu: mu May 2023, Jaji Zione Ntaba ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a Chirasta kuphunzira m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya ufulu wawo wa maphunziro ndi wa chipembedzo.

Pofuna kuti ntchito iziyenda msanga, Bwalo Lalikulu linagawidwa m'zigawo. Chilipo choona milandu ya upandu, cha mikangano ya pakati pa anthu, cha zamalonda, cha za mabanja ndi chuma chamasiye, cha misonkho, komanso cha milandu yokhudza kuba ndi kuzembetsa ndalama, chomwe chinakhazikitsidwa mu 2022. Zigawozi ndi zofanana mphamvu. Munthu sangachite apilo kuchoka kuchigawo china kupita kuchinzake, pakuti zonse ndi bwalo limodzi.

Pamwamba pa onse pali Bwalo la Suprimu, dzina lake lonse Supreme Court of Appeal. Gawo 104 likunena kuti ili ndi bwalo lomaliza pa nkhani za apilo. Mlandu suyambira kumeneku, umachita kufikako kuchokera pansi. Pogamula apilo pamakhala majaji osachepera atatu, ndipo chiwerengero chawo chiyenera kukhala chosagawika pakati, monga atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, kuti pakakhala kusiyana maganizo mbali ya ambiri idziwike. Jaji mmodzi wa bwaloli amatha kumva pempho la pakanthawi, monga loimitsa kaye chigamulo, koma apilo yeniyeniyo sangaigamule yekha. Zimene Bwalo la Suprimu lanena pa tanthauzo la lamulo, mabwalo onse apansi amayenera kuzitsata pa milandu ina yofanana.

Nanga Constitutional Court ili pati?

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, makamaka amene takhalako ku South Africa, komwe Constitutional Court ya ku Johannesburg ndiyo bwalo lapamwamba kuposa onse. Kwathu kuno sizili choncho. Tilibe bwalo lapadera la dzina limeneli lokhala ndi majaji akeake. Nkhani ikakhudza kwenikweni kutanthauzira Malamulo Aakulu, Jaji Wamkulu amatsimikiza kuti ndi yotero, ndipo imamvedwa ndi majaji a Bwalo Lalikulu osachepera atatu m'malo mwa mmodzi. Gulu limeneli ndi limene timalitcha Constitutional Court. Likadali Bwalo Lalikulu, motero chigamulo chake chikhoza kuchitidwa apilo ku Suprimu.

Mu 2007 majaji atatu atakhala mwa njira imeneyi pa mlandu wa Kafantayeni, anagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye zochepetsa chilango, likutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Zotsatira zake, akaidi oposa 100 amene anali atagamulidwa kuti aphedwe anabwereranso kubwalo ndipo zilango zawo zinaunikidwanso.

Ulendo wa apilo

Tiyerekeze kuti mnyamata wa kabaza wapezeka wolakwa kubwalo la majisitireti pa mlandu wakuba njinga yamoto, ndipo walamulidwa kukakhala kundende zaka 6. Iye akukana kuti sanabe. Achite chiyani?

Choyamba ndi kuthamangira nthawi. Lamulo la kazengedwe ka milandu ya upandu limafuna kuti apereke chidziwitso cholembedwa, chonena kuti akufuna kuchita apilo, pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwereni. Kenako, pasanathe masiku 30, apereke chikalata cha zifukwa zake. Kukhala m'ndende sikumutsekera njira, pakuti mapepalawa akhoza kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Akachedwa, ayenera kupempha bwalo kuti limuwonjezere masiku, ndipo afotokoze chifukwa chomveka chimene anachedwera. Bwalo likhoza kuvomera, likhozanso kukana.

Chachiwiri ndi zifukwazo. Kungonena kuti chigamulo chandiwawa sikokwanira. Wochita apilo ayenera kuloza pamene woweruza anaphonya. Mwina anagwiritsa ntchito lamulo losayenera. Mwina anakhulupirira umboni wosakwanira, monga wa mboni imodzi imene inaona wakubayo usiku, patali, kwa kanthawi kochepa. Mwina woimbidwa mlanduyo sanapatsidwe mpata wofunsa mboni mafunso kapena woitana mboni zake. Mwinanso chilango chinapitirira muyeso. Munthu amene anavomera yekha mlandu, apilo yake imakhala pa kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho chili chololedwa ndi lamulo.

Chachitatu, jaji wa Bwalo Lalikulu sayambiranso mlandu pachiyambi. Amawerenga zonse zimene zinalembedwa pozenga mlanduwo, ndi kumva mfundo za mbali zonse ziwiri. Mboni siziitanidwanso, ndipo umboni watsopano umaloledwa mwa apo ndi apo, makamaka ukakhala woti sukanapezeka pa nthawi yozenga mlandu. Pa nkhani yoti mboni iti inkanena zoona, jaji wa apilo safulumira kutsutsa majisitireti, chifukwa majisitiretiyo ndi amene anaiona mboniyo maso ndi maso. Apa pali phunziro lalikulu kwa tonsefe: zonse zimene tili nazo tizinene pabwalo loyamba. Kusunga mboni kapena chikalata n'cholinga chodzachitulutsa pa apilo n'kudzipweteka wekha.

Chachinayi, jaji akamva zonse akhoza kukana apilo, kumasula munthuyo, kuchepetsa chilango, kapena kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Alinso ndi mphamvu yowonjezera chilango akaona kuti chinachepa. Choncho apilo siyochita mwa mkwiyo. Imafuna uphungu wa odziwa malamulo.

Mnyamata wathu uja akagonjanso ku Bwalo Lalikulu, akhoza kupita ku Suprimu, koma khomo limakhala lachepa. Pa mlandu wa upandu umene unayambira kwa majisitireti, apilo yachiwiriyi imaloledwa pa mfundo ya lamulo yokha. Nkhani yoti kunachitika chiyani, ndi ya kukula kwa chilango, imathera ku Bwalo Lalikulu. Mlandu umene unayambira ku Bwalo Lalikulu, monga wakupha, apilo yake yoyamba imapita ku Suprimu komweko.

Pa milandu ya pakati pa anthu, monga ya malo, ngongole kapena chipukuta misozi, wofuna kuchoka ku Bwalo Lalikulu kupita ku Suprimu ali ndi masabata 6 ngati chigamulocho n'chomaliza, ndi masiku 14 ngati ndi lamulo la pakanthawi mlandu uli mkati. Wogwira ntchito kapena bwana amene sanakhutire ndi bwalo la za pantchito amapita ku Bwalo Lalikulu pa mfundo ya lamulo kapena ya mphamvu za bwalolo.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kuzigwiritsa. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Wolamulidwa kulipira kapena kusamuka pamalo ayenera kupempha padera kuti chigamulo chiimitsidwe kaye, ndipo mkaidi amakhalabe m'ndende pokhapokha bwalo litamupatsa belo, zomwe zimachitika pakakhala zifukwa zapadera. Chinacho n'chakuti zilango zikuluzikulu zimene mamajisitireti amapereka zimatumizidwa ku Bwalo Lalikulu kuti jaji akazitsimikize, ngakhale mwiniwakeyo asanachite apilo. Njira imeneyi imateteza osauka amene alibe loya, komabe si nzeru kukhala pansi kuidikira masiku a apilo akutha.

Makwerero ataonekera poyera: 2019 ndi 2020

Ophunzira ambiri anali aang'ono pa nthawiyi, koma makolo akukumbukira. Chisankho cha pa 21 May 2019 chitachitika, bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika ndiwo apambana. A Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakadandaula ku Bwalo Lalikulu. Pokhala nkhani yokhudza Malamulo Aakulu, inamvedwa ndi majaji asanu: a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo. Pa 3 February 2020 iwo anafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti, nalamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Ananenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse.

A Mutharika ndi MEC anachita apilo, monga unali ufulu wawo. Pa 8 May 2020 majaji asanu ndi awiri a Suprimu, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda, anagwirizana ndi chigamulo chofafaniza chisankhocho. Anamveketsanso kuti opikisana ndi ovota akhale omwe aja a mu 2019. Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June 2020.

Sitikukumbutsa izi pofuna kukweza chipani china kapena kutsitsa chinzake. Chimene tikufuna ophunzira aone ndi kayendedwe kake. Nkhani inayambira ku Bwalo Lalikulu, ogonja anakwera ku Suprimu, ndipo Suprimu itayankhula nkhani inathera pomwepo. Taonaninso kuti pa tanthauzo la mavoti ochuluka, Bwalo la Suprimu linasiya maganizo amene ilo lomwe linapereka mu 2000 pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba. Ngakhale bwalo lapamwamba limatha kubwerera pamene laona kuti poyamba silinatanthauzire bwino.

Pamene makwerero analipo koma osathandiza

Makwererowa sanakhale chonchi nthawi zonse. M'nthawi ya atsamunda apilo yomaliza inkakathera ku London, kubwalo la Privy Council. Dziko litalandira ufulu njira imeneyo inatsekedwa, ndipo apilo inayamba kuthera konkuno. Koma kuyambira mu 1969, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linapatsa makhoti a chikhalidwe a m'zigawo, otchedwa Traditional Courts, mphamvu yozenga milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. Woimbidwa mlandu kumeneko sankaloledwa kukhala ndi loya. Apilo yake sinkapita ku Bwalo Lalikulu kapena ku Suprimu, koma kubwalo lina la mtundu womwewo, la National Traditional Court of Appeal.

A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa, onse awiri maloya, anaweruzidwa mwa njira imeneyi. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe pa mlandu woukira boma. Anachita apilo, koma mu 1984 inakanidwa. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo a Vera anatulutsidwa mu January 1993. Chaka chomwecho mabwalo amenewa anaimitsidwa.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti kukhala ndi bwalo la apilo pakokha sikokwanira. Apilo imakhala ndi phindu ngati oimvawo ali omasuka kunena kuti apa panalakwika, osaopa aliyense. Gawo 103 lija linalembedwa ndi anthu amene anaona zimenezi ndi maso awo.

Mfumu, shehe ndi komiti

Mikangano yambiri ya pakati pathu sifika kukhoti. Imathera kwa ankhoswe, kwa amfumu, kwa ashehe kapena kukomiti ya mzikiti, ndipo izi n'zabwino chifukwa mutu umodzi susenza denga, komanso kuyanjana kumasunga ubale umene khoti silingabweze. Koma tidziwe malire ake. Kenya ili ndi mabwalo a Kadhi ovomerezedwa ndi malamulo aakulu a dzikolo, oweruza nkhani za ukwati ndi chuma chamasiye pakati pa Asilamu. Malawi alibe mabwalo otere. Zimene komiti yathu yagwirizanitsa ndi chiyanjano, osati chigamulo cha khoti, ndipo munthu sangachite apilo kuchoka kumzikiti kupita ku Bwalo Lalikulu. Wosakhutira amakayamba mlandu wake mwatsopano kubwalo loyenera.

Lamulo la za ukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa chipembedzo, kuphatikizapo nikah, ndipo lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana. Tikupempha akuluakulu a komiti kuti zokambirana zizilembedwa, tsiku lake ndi maina a amene analipo, chifukwa pepala lotere limadzathandiza nkhani ikafika kukhoti. Ndipo munthu amene ali kale ndi chigamulo cha khoti m'manja tisamuchedwetse ndi misonkhano mpaka masiku ake a apilo atatha. Chiyanjano chikhoza kupitirira chidziwitso cha apilo chitaperekedwa kale. Milandu ya upandu, monga kugwirira mwana, siyothera pakomiti.

Kopeza thandizo

Amene alibe ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu. Kalaliki wa pakhoti akhoza kufotokoza mapepala ofunika ndi kokawapereka, ngakhale sangapereke uphungu wa momwe mlandu ungathere. Tsiku la chigamulo tilembe nambala ya mlandu, tsikulo ndi dzina la bwalo, ndipo tipemphe chigamulocho cholembedwa. Aliyense wotiuza kuti tipereke kangachepe kuti fayilo iyende kapena kuti jaji atikomere mtima akutilowetsa mu mlandu wa ziphuphu, ndipo nkhani yotere ndi ya ku Anti-Corruption Bureau.

Suprimu ikagamula, apilo yatha. Pulezidenti ali ndi mphamvu yokhululukira mkaidi kapena kumuchepetsera chilango, koma chimenecho ndi chifundo, sichinena kuti bwalo linalakwitsa. Bwalo la za ufulu wa anthu la mu Africa, lomwe lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, limalandira madandaulo a munthu amene wayesa kale njira zonse za m'dziko mwake, koma ntchito yake ndi kuona ngati boma laphwanya ufulu wa munthuyo, osati kukhala khwerero lachinayi pamwamba pa Suprimu.

Ophunzira, m'mabanja ambiri ndinu amene mumawerengera makolo ndi agogo makalata. Tsiku lina pepala la kukhoti lidzafika m'manja mwanu. Choyamba kuyang'ana ndi tsiku limene chigamulo chinaperekedwa, kenako muwerenge masiku amene atsala.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Tchulani makwerero atatu a mabwalo a milandu m'Malawi, kuyambira pansi.
2. N'chifukwa chiyani chigamulo cha Constitutional Court chimatha kuchitidwa apilo kuno kwathu?
3. Munthu wagamulidwa ndi majisitireti pa 3 March. Chidziwitso cha apilo chiyenera kuperekedwa pasanathe masiku angati? Nanga akachedwa achite chiyani?
4. Perekani zifukwa ziwiri zomveka zochitira apilo, ndi chimodzi chosamveka.
5. Funsani agogo kapena makolo zimene akukumbukira za makhoti a chikhalidwe a chisanafike chaka cha 1994, ndipo mulembe kusiyana kwake ndi mabwalo a lero.

Mayankho a ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 tidzawaona m'kalasi sabata yamawa, insha Allah.